Mayi Domnica Anapita Opanda Kandulo M'dzanja

Lero ndalawirira kukama mbuzi, ndamwazira nkhuku chimanga, ndachapa matewera a Ilinca, ndasesa pakhomo. Tsopano mwana wagona, ndiye ndilembe zimene wansembe wathu, Bambo Nectarie, andipempha kuti ziikidwe m'kalata ya parishi. Sukulu ndinalekezera panjira, mundikhululukire. Ndilemba za apongozi anga, Mayi Domnica Huțanu, monga ndinawadziwira.

Anabadwira m'mudzi mwathu muno, wachinayi mwa ana asanu ndi awiri. Pofika zaka khumi ankapalira kale m'minda ya boma, ndipo tchalitchi sanaleke ngakhale nthawi imene achipani cholamula, chodana ndi zopemphera, ankayang'ana opemphera ndi diso loipa. Anakwatiwa ali mtsikana. Amuna awo atafa pangozi ya thirakitala, analera okha ana atatu, nalandira ntchito ya amayi amasiye yophika mkate wa paguwa. Zaka makumi atatu sanaphonye Loweruka. Ankati, "Mkate wa Mulungu sukandidwa ndi manja okwiya."

Ntchito yawo ina tonse tikuidziwa. Munthu akamatsirizika, ndiwo ankaitanidwa kukamugwiritsa kandulo yoyaka, kuti asayende mumdima. Imfa sankaiopa, koma kufa opanda kandulo. Yawo, ya pa Pasaka, inali yokulungidwa pamodzi ndi zovala zodzawaika nazo m'manda.

Mu February chibayo chinawagwira, ndipo anawagoneka kuchipatala cha mumzinda wa Iași, m'chipinda cha odwala mwakayakaya. Mwamuna wanga Costel ali ku Italy ku ntchito ya zomangamanga, choncho woyang'anira ndinali ine. Masiku asanu makina ndiwo ankawapumira. Tsiku lachisanu ndi chimodzi anatsitsimuka, koma madokotala anati matenda alowa m'magazi ndipo impso zikufooka.

"Sanda, mwana wanga, nditengere kunyumba," anatero. "Muno saloleza moto."

Zinali zoona, chifukwa mpweya wa m'mapaipi wopumira odwala umakolezera moto. Ndinapeza galimoto tsiku lomwelo. Tikukonzeka, panabwera dokotala wachitsikana, a Pîrvu, atanyamula mapepala.

"Agogo, tikuyesa mankhwala atsopano a matenda anuwa. Ena amalandira mankhwalawo, ena madzi a mchere chabe, ndipo ngakhale ine sindidziwa walandira chiyani ndani. Mungakhale muno masiku asanu ndi awiri, tikukutengani magazi m'mawa uliwonse. Sindikulonjeza kuti muchira. Mukakana palibe akukwiyireni, mukavomera mutha kusintha maganizo tsiku lililonse."

"Magazi a nkhalamba mukapangire soseji?" anatero Mayi, mawu akutuluka movutikira.

Ine sindinaseke. "Adokotala, munthu akufa, inu mukufuna kuphunzirira pa iye? Galimoto ili panja."

"Takhala chete iwe," anandidula Mayi, n'kutembenukira kwa dokotala. "Nanenu mwananga, tandiuzani, athandizike ndani?"

"Mwina inuyo, mwina ayi. Makamaka amene adzadwale pambuyo panu."

Mayi anatembenuzira maso kubedi loyandikana, pamene panagona mzimayi wa msinkhu wanga. "Onga uyu? Ana ake ndawamva akulira pakhomo."

"Onga ameneyo."

Ndinawerama n'kuwanong'oneza, "Mayi, nanga kandulo?"

Misozi inayenderera kulowa m'makutu mwawo. Kenako anati, "Ngati Mulungu sangandione popanda kandulo, ndiye kuti maso ake afooka kuposa anga. Bweza galimotoyo."

Dokotala anawawerengera zonse kawiri, n'kuwapempha kuti abwereze m'mawu awoawo kuti atsimikize kuti amva. Anabwereza. Dzina analemba okha, pang'onopang'ono, osalola kuti ndiwagwire dzanja.

Namwino wina wachifundo anawabweretsera kakandulo ka batire. Anakayang'ana n'kunena kuti, "Kachidole aka kapatse Ilinca." Bambo Nectarie anabwera kudzawalapitsa ndi kuwapatsa Ukaristia. M'mawa uliwonse a Pîrvu ankafunsa, "Agogo, tipitirize?" Tsiku lachitatu ndinayankha ndine kuti basi zakwana. Dokotala sanandiyang'ane n'komwe, anadikira yankho la mwiniwake. Mayi anatambasula mkono.

Tsiku lachisanu, dzuwa litakwera, anapuma mofatsa kawiri n'kuleka. M'dzanja lawo munali dzanja langa lokha. Ndinathamanga kutsika masitepe, ndinakayatsa kandulo yawo, imene ndinkayenda nayo m'chikwama, pabwalo, pansi pa zenera, koma anali atapita kale. Pamaliro Bambo Nectarie anati amene wapereka nyali yake kwa mnzake sayenda mumdima. Ndikufuna kukhulupirira choncho.

Ambiri mwandifunsa kuti zinatidyera chiyani, ndiye ndinene poyera. Mayi anataya imfa imene anaikonzekera zaka makumi atatu, pabedi pawo, anzawo akuimba. Mikono yawo inada ndi mabala a singano, moti powasambitsa ndinachita kuibisa kuti azilongo awo asaone. Ine ndinayenda pabasi masiku khumi ndi limodzi, mwana ndikumusiya kwa aneba, mpaka mkaka unauma m'mawere. Costel pafoni amangofunsa za Ilinca. Akuti ndikanawanyamula amayi ake mokakamiza, ndipo masiku ena nanenso ndimaganiza choncho. Mzimayi wa bedi loyandikana uja sindikudziwa ngati anachira. Kuchipatala anatitumizira kalata yothokoza. Akuti kafukufuku wa mankhwala uja adzatha pakapita zaka ziwiri, ndipo ndi pamene tingadzadziwe ngati Mayi analandira mankhwala kapena madzi a mchere.