Mkunga wa Pachithunzi

Ndinaganiza zopita ku Japani tsiku lomwe anandichotsa ntchito pa kampu ya alenje ku Lupande, nditamugenda kapitao ndi chiwaya. Mbendera inali itasintha kale, koma iye ankanditchabe boyi. Mlendo wina wa pakampupo, Bambo Mori, amene ankakonda nkhanga yanga yowotcha, anati ndikamunyamulire zikwama kwawo, poti ankazungulira dziko lonselo kugulitsa makina. Ndinakatsanzika kwa bwenzi langa Tisiyenji kwathu ku Mnkhanya. Ankhoswe anali atakumana kale, ndipo bambo ake, a Sakala, msodzi wa mu Luangwa, anandigwira dzanja nati mkazi ndidzampeza.

Ku Japani dera lililonse lili ndi chakudya chake, ndipo amachinyadira ngati mfunda. Ku Mito anandiikira nyemba zosasa, zonanda ngati therere, akuti nato. Ndinaimirira kuti ndimuonetse woperekerayo, kuyesa akundinyoza, koma Mori anangoseka nayamba kudya zake. Pomatha miyezi ndinkaziitanitsa ndekha. Ku Osaka amakuwotchera chitumbuwa cha kabichi pachitsulo, iwe ukuona. Ku Kumamoto ndinameza nyama ya hatchi yaiwisi nditatsinzina, ndipo sindiname, inali yofewa. Koma kumapiri a ku Nagano, mayi wa panyumba ya alendo atabwera ndi dzombe lophika m'msuzi wotsekemera wa soya, ndinatuluka panja ngati ndikukasuta. Ndinali nditatha nthawi yaitali osamva Chikunda, chilankhulo chathu, ndiye dzombe ngati la kwathu n'kundipeza kumeneko.

Ndalama ndi mauthenga ndinkatumiza kudzera kwa a Mulenga, mphunzitsi wochokera kumpoto amene boma linam'tumiza kwathu. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 2, ndipo kwa a Sakala kunalibe wowerenga. N'chifukwa chake ndinkakonda zithunzi, poti sizifuna womasulira. Ndinkaganiza choncho.

Chokoma kuposa zonse ndinachidya ku Hamamatsu: mkunga, nsomba yaitali yoterera ija, wowotcha pamakala, mafuta ake akudontha pampunga. Mwini malo anandigwiritsa wamoyo, wautali ngati mkono wanga, Mori n'kundijambula ndikuseka. Ndinatumiza chithunzicho kuti a Sakala aone nsomba za kutsidya. Kuchokera pamenepo, zii. Ndinkafunsa Mori ngati kwabwera kalikonse mpaka anayamba kundizemba.

Pobwerera patapita zaka, lole ya thonje inanditula pamsewu fumbi lili mbuu. Ndinali ndi nsalu ya Tisiyenji ndi botolo la dzombe lija la apongozi. Tisiyenjiyo ndinamuona pakhonde la nyumba ya aphunzitsi, mwana kumsana, njinga yatsopano itatsamira khoma. Anandiona, nalowa m'nyumba.

Mlongo wanga ndiye anandiuza. Chithunzi chija chinayenda khomo ndi khomo mpaka kutchalitchi. A Mulenga ankati ndayamba kudya njoka, ndakhwimira chuma, ndipo mkazi wanga adzakhala woyamba kupita. Ndinatola mpini. Mlongo wanga anandigwira malaya, akuti ndiyambe ndaonana ndi a Sakala, poti ndi iwo anandilonjeza.

Ndinawapeza pansi pa mtondo akusoka ukonde. Sindinapereke ndi moni womwe.

"Bambo, pachithunzi paja inu munaonapo njoka?"

Sanadzutse mutu. "Unali wonona mkunga uja. Ine chibadwire sindinagwirepo waukulu chotero."

"Nanga munakhaliranji chete?"

"Aphunzitsi amalandira mwezi ndi mwezi, mwana wanga. Iwe unali kutsidya kwa nyanja."

Mpini unandilemera m'manja. Ndinabwera kudzamenya munthu mmodzi, koma mudzi wathu ndi wa asodzi. Ngakhale mwana woyenda chimbulanda amadziwa kuti njoka ilibe zipsepse. Onse anachigwira chithunzicho, onse anaona nsomba, ndipo onse anakavina paukwati wa Tisiyenji ndi a Mulenga.

A Sakala analoza ndi singano yawo botolo lija, lomwe linkaonekera m'thumba mwanga, kufunsa ngati ndawatengera kanthu. Ndinalikankhira m'kati mwa thumba. Dzombelo ndinalidya ndekha pamsewu, podikira lole yobwerera.