Mano Anga Awiri Anatsala pa Zemba

Lole ya mtedza inandilanda mano awiri akutsogolo. Sukulu itandikanika, ndinalowa ntchito yokweza matumba pa lole ya mmwenye wina wa ku Fort Jameson. Lole ikaima pachitunda, ine ndinkatsika n'kuika chipika kuseri kwa tayala kuti isabwerere.

Tsiku limenelo pachitunda cha Zemba sindinadikire kuti iime. Pachitsime panali mtsikana wina, Nabanda, ndi anzake, ndiye ndinadumpha kuti andione. Anandionadi. Ndinafikira kukamwa, chipika chili m'manja.

Kwa bwana ndinanama kuti a Phiri, dalaivala wathu, anaponda buleki mwadzidzidzi. Anatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito, munthu wa ana asanu. Ine osaulula zoona, nsanza ili kukamwa.

Loweruka a Phiri anabwera kudzandizonda, atanyamula nzimbe.

"Tafuna mphwanga, upeze mphamvu," anatero. "Nabanda akuti udzadumphenso, anzake ena sanaone bwino."

Nzimbeyo ndinangoyamwa ngati khanda. Kupepesa sindinapepese mpaka lero, chifukwa ndikati ndiyambe, mawu amatuluka ndi mluzu. Mlandu wanga kwa a Phiri ndikuudziwa. Koma lole ija nayo isadzimve, sinandibwezerebe mano anga awiri.