Mkazi Mnzanga Ali Pamtengo

Pafupi ndi shikola ina ku Lifidzi pali mkulu amene ntchito yawo ndi kukweza ndi kutsitsa mbendera ya Apwitikizi pamtengo wa pashikolapo. Malamulo ake amawalakatula ngati katekisimu: isakhudze dothi, isagone panja, isanyowe. Chingwe chake salola munthu kuchigwira, ngakhale apolofesolo amene amaphunzitsa ana pamenepo. Akaitsitsa amaipinda mofatsa, n'kumaisisita ndi chikhatho.

Akazi awo amaonerera zonsezi ali pakhonde, mtima ukuwawa. Zaka makumi atatu ali pabanja, koma iwo sanasisitidwepo chotero.

Tsiku lina awiriwa akuchokera kumunda, mayiwo atasenza nyemba, kunagwa mvula yamatalala. Mkuluyo anavula kazako wawo, jekete lokhuthala, msangamsanga. Mayiwo anamwetulira, kuyesa kuti lero lokha awafunditsa. Koma bambo uja liwiro, kukatsitsa mbendera n'kuikulunga m'kazakomo.

M'mawa mwake mayiwo anakagwada kwa apadiri, uku akutsokomola.

"Apadiri, paja munati Mkhristu sakwatira mitala?"

"Inde, amayi."

"Nanga mkazi mnzanga ali pamtengoyo, ukwati wake anadalitsa ndani? Mumuuze kuti kuyambira lero aziwaphikira ndiye."