Kalata ya ku Mgodi Imene Ndinawelengela Amai

Ndikukumbukila kuti ndinali ndi zaka khumi ndi ziwili, m'masiku a Chitaganya, pamene mesenjala wa ku boma la Petauke anafika kwathu ku Msanzala ndi kalata ya m'Chingelezi. Atate anali pa nchito ku mgodi wa malasha, kutsidya kwa Zambezi. M'mudzi monse wofika Sitandade 3 ndinali ine ndekha, motelo udindo wowelenga unagwela ine.

Ndiyenela kufotokoza mmene tinaphunzilila Chingelezi. Aphunzitsi ankalemba liwu pa bolodi, tanthauzo lake pambali, ife n'kuloweza. Ndinakhulupilila kuti chimenechi ndi chinenelo cha msonkho ndi malamulo, chonena chinthu monga chilili, chosadziwa kuzungulila.

Amai anali pa mphasa akusenda nshawa. Ndinatanthauzila liwu ndi liwu. Kalatayo inati mzungu, mkulu wa nchito, ali ndi chisoni. Atate anadwala chifuwa, koma tsopano amasulidwa ku zowawa zawo, ndipo awagoneka kuti apumule.

"Ndiye kuti achila?" anafunsa amai.

"Pepala likuti amasulidwa, amai. Akupumula."

"Nanga mzunguyo chisoni n'cha chiyani?"

"Kapena chifukwa nchito yaima."

Palibe anakayika, pakuti kwathu uthenga wa imfa sunkayenda pa pepala. Munthu ankabwela ndi miyendo yake, kukhala pansi, n'kuyamba kuuza akuluakulu. Motelo amai sanalile. Anakolola mapila, anafulula mowa, ndipo anavina pa chinamwali cha mwana wa mnzawo.

Patapita miyezi inayi anafika a Tembo, amene ankagona nyumba imodzi ndi atate ku mgodiko, atanyamula bulangete ndi sutikesi ya atate. Ndiwo anatiuza kuti atate anamwalila. Achibale a atate anabwela kuchokela ku Nyimba. Mlongo wawo wa atate anayankhula pamaso pa anthu onse.

"Mlamu, kalata munailandila. Mwamuna ali m'dothi, inu mukugwedeza chiuno pabwalo?"

Ndinali pomwepo. Amai anayang'ana pansi nati, "Ndinalakwa ine." Dzina langa sanalitchule. Achibalewo anakana kuwameta ndi kuwasudzula monga mwa mwambo, ndipo amai anakhala chaka chathunthu akudya okha, akazi anzawo akuwapatuka pa njila ya kuchitsime.

Sanandikalipile, ngakhale kamodzi. Koma kalata iliyonse yobwela pambuyo pake ankaimanga pa nsalu n'kupita nayo kwa katekisiti, ulendo wa theka la tsiku, ine ndili pakhomo.

Lelo ndikudziwa kuti mzungu uja sananame. Anachita zimene ifenso timachita tikamati munthu watisiya: anaopa kulitchula liwulo. Cholakwa changa chinali kuganiza kuti olemba pa makina saopa imfa. Ndalembela anthu makalata zaka zambili, ndipo pamene nkhani ili ya malilo ndimalemba kuti wamwalila, pa mzele woyamba, ngakhale ondituma apemphe kuti ndifewetse.