Thumba la Manachesi ndi Msana Wanga

Ndinanyamuka ku Thambani Lachiwiri lina m'mwezi wa Juni, kukuzizira moti mbuzi zinkakana kutuluka m'khola. Ulendo unali wa ku Blantyre, kukayezetsa mafupa. Kwa amene simundidziwa, ndine Naphiri, mayi wa ana anayi ndi bere limodzi. Linalo madokotala anachotsa chifukwa cha khansa, ndipo kuyambira pamenepo ndimamwa kapiritsi kamodzi tsiku lililonse. Kapiritsiko kamaphwetsa mahomoni achikazi amene khansayo inkadya, kuti ikafuna kubwerera ipeze chakudya mulibe. Tsoka lake, mahomoni omwewo ndi amene amalimbitsa mafupa. Ndinazidziwa bwino zimenezi tsiku limene ndinaterereka pamjigo, kugwa koti mwana angangodzuka n'kusasa fumbi, koma ine dzanja linathyoka ngati phesi. Pochotsa chikhakha, adokotala a kuboma anandiuza zinthu ziwiri: ndipite ku Blantyre akaone mafupa anga pa makina, ndipo pamutu panga pasakhalenso katundu.

Mawu amenewa ndinawalengeza kunyumba, kutchalitchi, mpaka kuchigayo. Aliyense anapukusa mutu mwachisoni. Koma kwathu kuno munthu akangoti mawa ndikupita kutauni, basi wasanduka lole. Abale amene sanakuzonde uli gone amatulukira ndi timitolo ta ana awo, ndipo ukakana ndiye kuti wayamba kudzimva.

Alamu anga a Esinala, achemwali awo a abambo akunyumba, anafika kusanache ndi thumba la manachesi, lija la fifite, losokedwa kukamwa ndi luzi. Linabwera panjinga ya munthu wina amene anangolitula pakhonde n'kubwerera msangamsanga, wochenjera ameneyo. Manachesiwo anali a mwana wawo Yohane wa ku Chilomoni, kumene ndinkayenera kukagona.

"Alamu, paja adokotala anandiletsa kusenza," ndinatero.

"Iii, kusenza kwake kuti, alamu? Mpaka pamsewu pokhapa. Mukakafika kwa mwana chimanjamanja, mkazi wake uja akatiyesa anthu otani? Si inu munkasenza awiri otere pogulitsa ku Mwanza? Ndiponso anachotsa bere, mutu sanaukhudze."

Ndinayang'ana abambo akunyumba. Iwo anayang'ana kumwamba, kufufuza mvula mu Juni. Musawaone molakwa, bambo amenewa analira poyera tsiku la opaleshoni yanga, ndipo anagulitsa mbuzi zawo osanyinyirika. Koma kusenza thumba m'mudzi, mkazi akuyenda manja lendelende, ayi ndithu. Anthu akanati ndinawadyetsa khuzumule.

"Ingopirirani mayi," anatero chapansipansi, "si patali."

A Esinala anapinda nkhata ndi chitenje cha chipani chimene tinalandira pa kampeni. Bwana wa pachitenjecho anatilonjeza tala mpaka ku Thambani. Talayo sitinamuone, koma nkhope yake yatithandiza kwambiri posenza. Awiriwo ananditwika thumbalo mogwirizana bwino, ndipo tinauyamba ulendo, ine patsogolo, abambo pambuyo atandinyamulira ambulera.

Tikudutsa pabwalo la sukulu ndinamva kuti the! chapakati pa msana, kenako moto. Sindinagwe, sindinakuwe. Koma ndinachita mantha amene ngakhale tsiku lomva za khansa sindinachite. Ndinadziona ndili pamphasa, osatha kudzuka ndekha, a Esinala omwewa akunditembenuza uku akuuza alendo kuti, "Tikuvutika nawo alamuwa." Imfa sindinkaiopa kwenikweni. Ndinkaopa mphasa imeneyo.

Pa Thambani tinapeza matola, pikapu yotopa imene chitseko chake ankamanga ndi waya. Ine K2,500, thumba K500, zonse zochokera pamfundo ya chitenje changa, poti a Esinala anatumiza manachesi okha, ndalama yake anaiwala. Anandikhazika kutsogolo chifukwa cha imvi, pakati pa dalaivala ndi bambo wina wa jekete lachikopa. Msewu wa fumbiwo uli ndi mabampu oti munthu wamafupa abwinobwino amatsika akudziwerenga nthiti. Bampu iliyonse ndinkaluma mlomo, mpaka bambo wa jeketeyo anafunsa chimene chikundivuta. Ndinalakwa kumuyankha.

"Vuto lanu ndaliona, mayi," anatero. "Mapiritsi achizunguwo siyani lero lomwe. Ndili ndi mnzanga ku Zobue ali ndi botolo limodzi lochiza khansa, shuga, BP, ngakhale ngongole."

"Nanga mano anu akutsogolowo botololo linalephera?" ndinafunsa.

Anatseka pakamwa mpaka ku Mwanza, ndipo dalaivala anaseka mpaka kuphonya giya.

Tinafika paboma dzuwa litakwera. Malole opita kumalire anali ndondondo m'mbali mwa msewu, osintha ndalama akupepesa mitolo yawo m'mwamba, ndipo manachesi anali mbwee paliponse, milu ndi milu, otchipa kuposa madzi. Matola anatitsitsa pafupi ndi msika, maminibasi a ku Blantyre ali kutsidya kwa msewu. Ndinaima pambali pa thumba langa, nkhata ili m'manja, ine ndi thumbalo tikuyang'anana.

Mayi wina wojintcha, atazunguliridwa ndi makatoni a supageti ochokera ku Mozambiki, anandiona ndikugwira msana. Anakuwira kondakitala ndi mawu oti ngakhale wogontha atembenuke, ndipo thumba linakalowa pansi pa mpando wakumbuyo ine osalikhudza. Dzina lake anati ndi Joana. Tinakhala moyandikana, K3,500 aliyense, anthu anayi pampando wa atatu monga mwa malamulo a kondakitala. Tisanamalize n'komwe zitunda za Mwanza, pamene matumba a makala amaima m'mbali mwa msewu, ndinali nditamufotokozera zonse, bere, kapiritsi, dzanja, mpaka za the! wa pasukulu.

"Mana, thumbali ndi lanu?" anafunsa, kunditcha achemwali monga amanenera ku Mozambiki.

"Ndi la alamu anga."

"Nanga msanawo ndi wa alamu anunso?"

Ndinaseka, msana n'kundikumbutsa kuti kuseka nakonso kwadula.

"Ku Wenela akakunyamulirani ndani?" anapitiriza Joana. "Ku Chilomoni, kuchoka pasiteji kukwera mtunda uja? Akakuuzaninso kuti pafupi pokhapa. Ine katundu ndimasenza wanga, wondipatsa phindu. Wa abale ndinasiya kalekale, ndipo amandida bwinobwino, ndili moyo."

Ndinalingalira mawuwo mpaka tinatsikira kuchigwa, kumene kuzizira kwa Mwanza kumathera ndipo aliyense amavula juzi. Pa Zalewa minibasi inaima podikira rodibuloko, ogulitsa tchipisi, malambe ndi nyama yambuzi yowotcha atatizinga m'mawindo. Ndinabwereka lezala kwa Joana. Iye anakoka thumba lija, ine n'kudula luzi la a Esinala.

"Abale, manachesi awa. Idyani, ndi aulere."

Anthu a m'minibasi anayang'anana. Kenako bambo wina wa kutsogolo anatembenuka.

"Amayi, mukuimira ukhansala wodi iti?"

"Sindikuimira chilichonse, bambo. Ndikungofuna kuima ndekha chaka chamawa."

"Zaulere timazionera pa kampeni pokha," anatero, dzanja atatambasula kale.

Sindinaonepo anthu okayikira akudya mwachangu chotero. Kondakitala anadzaza matumba onse a buluku, dalaivala ankasenda ndi mano dzanja lina lili pachiwongolero, ogulitsa tchipisi analandira pawindo n'kundiponyera kajumbo ka tchipisi kothira tsabola. Titawoloka Shire minibasi yonse inkanunkhira makoko. Pa Lirangwe amayi awiri anatsika atamanga mfundo zikuluzikulu pazitenje. Pa Lunzu Joana anakhuthulira ambiri m'katoni yopanda kanthu, amvekere adzandikumbukira m'mapemphero, ngakhale ndikukhulupirira kuti anakawagulitsa. Pofika pa Kameza otsala anakwana m'jumbo imodzi. Thumba ndinalipinda bwinobwino n'kuliika m'chikwama pamodzi ndi nkhata.

Ku Chilomoni ndinafika chakumadzulo, ndikukwera mtunda pang'onopang'ono ndi kajumbo kanga. Yohane ndi mkazi wake Tiyanjane anandilandira pageti, maso awo akufufuza kumbuyo kwanga.

"Anti, mwayenda bwanji? Amayi anaimba kuti mukubwera ndi thumba."

"Thumba ndi ili," ndinatero, n'kulitulutsa m'chikwama.

"Nanga manachesi?"

"Adya anthu, mwanangu. Akuthokoza kwambiri."

Tiyanjane anamwetulira ndi mano okha. Tiyi wa tsiku limenelo shuga anangomudutsa patali.

M'mawa mwake ndinapita kuchipatala chimene chili ndi makina oyezera mafupa. Ndinkayembekezera zobaya ndi zodula, koma anangondigoneka pakabedi, chitsulo china n'kumayenda pamwamba panga mwakachetechete. Nditawauza za msana anandijambulanso ekisire. Adokotala anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga wachiwiri, wosadziwa kuzungulira polankhula.

"Amayi, mafupa anu afumbwa. Kunja akuoneka abwinobwino, m'kati muli mphako, ngati chimanga cholowa anankafumbwe. Ndipo onani apa, fupa limodzi la msana laphwanyika pang'ono n'kukhala pansi. Mwasenza chiyani posachedwapa?"

"Manachesi a alamu anga."

Ndinkayesa aseka. Sanaseke.

"Lina likadzatere mudzayenda chowerama, mwinanso osayenda n'komwe. Mwandimva?"

Ndinafunsa ngati ndisiye kapiritsi ka khansa kaja, poti ndi kamene kakundidya. Anakana kwamtuwagalu. Anati kameneko ndi kamene katsekera khansa panja, ndipo mafupa tiwathandiza mwanjira ina. Anandilembera piritsi lina lomwa kamodzi pa sabata, m'mawa ndisanadye kanthu, ndi kapu yodzaza madzi, ndipo ndikamwa ndikhale tsonga osagonanso. Anawonjezera ena olimbitsa mafupa, n'kundiuza kuti ndizidya usipa ndi mitu yomwe, ndizimwa mkaka ukapezeka, ndiziyenda padzuwa tsiku lililonse. Za kusenza anabwereza kawiri, chala chili m'mwamba. Nditatuluka ndinakhala pabenchi n'kulira. Ndinalira ndi mkwiyo, chifukwa ndinapulumuka mpeni ndi mankhwala othothola tsitsi, koma n'kudzathyoka ndi zipatso zimene ku Limbe zimagulitsidwa pakona iliyonse.

Tsiku lobwerera ndinadzuka n'kupeza thumba lomwe lija laima pakhomo, litakhutanso. Kwathu chotengera sichibwerera chopanda kanthu, ndipo Tiyanjane anafuna kuonetsa apongozi ake kuti analeredwa. Munali belo la shuga, sopo, chigubu cha mafuta ophikira ndi nsapato zakale za Yohane.

"Ndi za amayi izi, anti," anatero Yohane, mnyamata wa mapewa otakata amene amalipira ndalama mwezi ndi mwezi kuti akanyamule zitsulo kujimu. "Ine ndikuthamangira kuntchito. Mpaka pasiteji pokhapa."

"Ayi," ndinatero.

Anadikira kuti ndipitirize, ndipepese, nditchule adokotala. Sindinawonjezere kanthu. Liwu limeneli ndakhala nalo m'kamwa moyo wanga wonse osaligwiritsa ntchito, ndipo linatuluka lili latsopano. Ndinawathokoza chifukwa cha malo ogona, n'kutsika mtunda ndi chikwama changa chamankhwala.

Ulendo wobwerera unali wopepuka moti pa Zalewa ndinadzigulira nyama yambuzi, n'kudya ndekha osagawira munthu. Pa Mwanza ndinawoloka msewu osayang'ana wondithandiza. Matola anali omwe aja, waya yemwe uja, koma bambo wa botolo sanaoneke.

Ndinatsika pa Thambani dzuwa litapendeka. Munthu wochokera kutauni wopanda kanthu pamutu ndi chinthu chachilendo kwathu, moti amayi a pamjigo anasiya kupopa n'kumandiperekeza ndi maso. Ndinawapatsa moni mmodzimmodzi, khosi lili chilili. Kunyumba ndinapeza a Esinala atakhala pakhonde, foni ili pamiyendo, nkhope itanena kale zonse. Abambo akunyumba anali pambali akukonza mpini umene sunawonongeke.

"Ndamva, alamu," anayamba ndisanakhale n'komwe. "Manachesi anga mwadyetsa Zalewa yonse. Shuga wanga mwamusiya. Tauni yakusinthani msanga."

Ndinatulutsa chithunzi cha ekisire n'kuchiika pamiyendo ya abambo, chala changa chili pa fupa lija. Kenako ndinatulutsa nkhata, nkhope ya bwana wa tala itakwinyika, n'kuipereka kwa a Esinala ndi manja awiri, mwaulemu wonse.

"Thumba lanu lili ku Chilomoni, alamu, pafupi ndi chitseko. Matola amanyamuka m'mawa. Inu bere sanachotse, mutunso sanaukhudze. Ndi pafupi pokhapa."

Anadzuka osatsanzika, nkhata ili m'manja, ndipo mpaka lero moni wawo ndi wa pamphuno.

Ulendo umenewu unandiphunzitsa kuti anthu okupempherera ndi okusenzetsa amakhala omwewo, ndipo zonse ziwiri amachita ndi mtima woyera. Kapiritsi kamadya mafupa anga mobisa, koma kamandilipira ndi moyo. Ulemu unkawadya masana, anthu akuwomba m'manja.

Abambo akunyumba anakhala nthawi yaitali akuyang'ana chithunzi chija atachilozetsa kudzuwa. M'mawa mwake ndinamva zigubu zikugundana. Abambowo anazimanga panjinga yobwereka n'kulowera kumjigo, dzuwa lili poyera, amayi onse a m'mudzi ali pamzere. Pofika masana nkhani inali itafika kale kuchigayo kuti Naphiri anakagula khuzumule ku Blantyre, wamphamvu kwambiri. Sindinatsutse. Ndinatenga ambulera yanga n'kupita kukayenda padzuwa monga anandiuzira adokotala, ndipo ndinadutsa dala pachigayo pomwepo, msana uli chilili.