Chitsulo cha M'kati mwa Mausi

Ndikamva fungo la fumbi lotentha limene limatuluka kumbuyo kwa kompyuta yakale, ndimabwerera ku Kawale, m'chipinda china chopanda zenera chimene chinali kuseri kwa malo ometera tsitsi. Munali makompyuta ogulidwa atagwira kale ntchito kwina, oyera poyamba koma atasanduka achikasu ngati mano a munthu wosuta fodya. Denga linali la malata opanda siling'i, ndipo m'mwezi wa Okutobala kutentha kunkatsikira pamitu ya anthu mosachita manyazi. Fungo lija linkasakanikirana ndi la thukuta la anyamata, la tchipisi chimene ankadyera m'mapepala, ndi la sipiriti wa ometa tsitsi. Ndinali mu Sitandade 5 chaka chimenecho, ndipo mtsikana wamsinkhu wanga sankayenera kupezeka m'malo otero. Ine ndinkalowamo chifukwa Amayi ankandituma kukaitana achimwene anga, a Lonjezo, chakudya chikapsa.

Achimwene anali atalemba mayeso a Folomu 4 ndipo ankadikira zotsatira. Mwini chipindacho, a Chikuse, ankawalola kusewera nthawi iliyonse chifukwa ndiwo ankadzutsa makompyuta akakomoka. Masewero ake anali a asilikali osakana m'mabwinja. Dzanja lamanzere linkakhala pa mabatani, lamanja pa mausi, kachipangizo kachingwe kamene munthu amakayendetsa patebulo kuti mfuti ya pa sikirini itembenuke. Matebulo a m'chipindamo anali ang'ono, kotero wosewera akafika m'mphepete ankayenera kunyamula mausiyo ndi kuibweza pakati, mobwerezabwereza, masana onse. Mausi za a Chikuse zinali zakale, zokhala ndi kampira kolemera kunsi, kamene kankatola fumbi n'kumakakamira pa nthawi yofunika. Komabe ku Kawale konse kunalibe mnyamata woposa achimwene, ndipo ine ndinkanyadira ndikamva anzawo akuwatchula kuti shasha.

Chilimwe chimenecho anyamata a ku Biwi, amene anali ndi chipinda chawo chotere, anatumiza mawu oti abwera Loweruka lomaliza la mwezi kudzaona amene ali akatswiri. Anagwirizana kuti aliyense abwere ndi mausi yake, kuti wogonja asadzanamizire chipangizo. Kuchokera tsikulo achimwene analibenso nkhani ina.

Panali chinthu chimene ine ndekha ndinkachidziwa bwino. Mkono wawo wamanja unkatupa pamfundo ya dzanja, ndipo pena unkatentha ngati mbatata yongophulidwa. Ankavala malaya a manja aatali m'kutentha konse kuja, mabatani otseka mpaka kumapeto. Kale anadandaulapo za mawondo ndi zigongono, koma Amayi anati ndi kukula, ndipo Abambo anaseka nati nyamakazi ndi matenda a nkhalamba. Kuyambira pamenepo achimwene anasiya kudandaula. Ndinkawapeza kuseri kwa bafa atamiza dzanja m'beseni la madzi ozizira, ndipo ankangondiyang'ana n'kuika chala pamlomo.

Tsiku lina ananditenga kupita kumsika wa m'tauni. Tinayenda wapansi, ndipo panjira anaima kangapo ponena kuti akumanga nsapato, ngakhale nsapatozo zinalibe zingwe. Tinafika pa benchi ya mnyamata wina wogulitsa machaja, mabatire ndi mausi zamitundumitundu, zina zowala kofiira kunsi m'malo mwa kampira. Achimwene anazigwira imodziimodzi. Ankayesa ngati msana wake ukukwana m'chikhatho, ankapinda chingwe kuti aone ngati n'chofewa, ankadina batani pafupi ndi khutu ngati munthu wosankha chivwende. Kenaka ananditembenukira, nanditchula ndi dzina la mfunda monga ankachitira akafuna kundiseka.

"Nagama, tsinzina. Tambasula manja onse. Yopepuka ndi iti?"

Anandiika mausi m'dzanja lililonse. Ndinakweza dzanja lamanzere. Munali kamausi kotuwa, kopanda maonekedwe, kolemera ngati dzira lokha.

"Aise, imeneyo ndi ya ana a ku nazale," anatero wogulitsa uja. "Orijino ndi iyi. Tangomvani kulemera kwake."

"Ine ndikufuna yosewerera, mani," anayankha achimwene. "Yoswera mtedza tili nayo kale kunyumba."

Anaseka onse awiri. Achimwene anabweza kamausi kaja pa benchi, nati tidzabweranso. Pobwerera, pachitunda chokwera kuchokera kumtsinje, anakhala pansi pa mtengo mpaka mpweya wawo unabwerera.

Madzulo ake, ndikuthirira Abambo madzi osamba m'manja, ndinawauza kuti achimwene akufuna mausi ya mpikisano. Abambo ankagwira ntchito m'sitolo ya zitsulo ku Malangalanga, ndipo moyo wawo wonse ankaweruza katundu ndi chikhatho. Loko, sipanala, simbi, ngakhale batire la wailesi, ankaliika m'dzanja n'kulidumphitsa pang'ono. Likalemera, linali lenileni. Likapepuka, linali feki, lopangidwira kupusitsa amphawi. Sanali okha m'chikhulupiriro chimenechi, pakuti Kawale yense ankagula motero. Masewero a pakompyuta ankawaona ngati kutaya nthawi, ndipo anangopukuta manja.

Patapita masiku ochepa anabwera ndi kajumbo kakuda. Anakhala pampando wawo, naitana achimwene, ndipo Amayi anasiya zimene ankachita kudzaima pakhomo. Abambo sanali munthu wa mphatso. Anatulutsa mausi yakuda, yaikulu, yonyezimira ngati nsapato ya ukwati.

"Ndamva kuti a ku Biwi akubwera," anatero. "Mwana wa a Gama sakumana ndi alendo atanyamula feki. Ndaziyesa zonse pamsika paja. Yolemera kuposa iyi palibe."

Achimwene ananjuta, nailandira ndi manja awiri. Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti si imeneyo, koma phazi lawo linaponda langa. Anathokoza ndi mawu onse oyenera, ndipo Abambo anayang'ana kumbali monga amachitira amuna akakondwa.

Anaisewerera masiku awiri. Tsiku lachitatu, Abambo ali kuntchito ndipo Amayi ali kumsika, anandiitanira kuchipinda. Mausi ija inali chagada pamphasa, pambali pake pali kasikuludiraiva ka wailesi. Zala zawo zinkalephera kupotokola.

"Tabwera, injiniya," anatero. "Kumanzere ndiko kumasula. Usataye tizitsulo."

Ndinamasula. Chivundikiro chitachoka ndinadabwa kuona kuti m'kati munali mopanda kanthu kwenikweni: kabolodi kobiriwira, tiwaya tiwiri, ndi chitsulo chafulati chomangidwa pakati, chosalumikizika ku china chilichonse. Achimwene anati opanga amaikamo dala kuti ogula ngati Abambo aziti n'chenicheni. Ananena zimenezi mopanda kunyoza. Tinachotsa chitsulocho, tinatsekanso, ndipo atainyamula anamwetulira kumwetulira kumene ndinali ndisanakuone kwa nthawi. Chitsulo chija anandipatsa kuti ndizisewerera phada. Chinkagwa pamene ndachiponya osagubuduka, ndipo anzanga onse ankachisirira.

Lachinayi la sabata ya mpikisano Abambo anaweruka msanga. Anapeza mausi ija patebulo, ndipo mwachizolowezi anainyamula n'kuidumphitsa m'chikhatho. Ndinaona nkhope yawo ikusintha. Anaitembenuza, naidumphitsanso.

"Lonjezo, iyi si imene ndinakugulira."

"Ndi yomweyo, Abambo."

"Dzanja langa silinama. Akusinthira ndani? Anyamata a kwa Chikuse? Kapena iweyo waipereka kwa munthu?"

Achimwene anagwetsa maso pansi. Abambo anayamba kuvala nsapato zimene anali atangovula, nati apita kwa a Chikuse komweko kuti wakubayo aonekere pamaso pa anthu. Pamenepo ndinapisa m'thumba la diresi, ndinagwada, n'kuika chitsulo chija patebulo. Chinali chitakalikakalika ndi dothi la pabwalo.

Abambo anachiyang'ana nthawi yaitali. Sanakalipe. Anafunsa motsitsa mawu, ndipo kutsitsako kunandiopsa kuposa kukalipa.

"Chinakulakwira chiyani chinthu chimene ndinakusankhira?"

Achimwene anamasula batani la mkono wa malaya ndi dzanja lamanzere, napinda nsaluyo pang'onopang'ono. Mfundo ya dzanja inali itatupa mpaka khungu kunyezimira. Amayi anafika pafupi, nagwira pamphumi pa achimwene, kenaka anagwada n'kukweza mwendo wa buluku. Akakolo nawo anali otupa. Abambo anatenga dzanja lija n'kuligoneka m'chikhatho chawo, ndipo sanalidumphitse.

Amayi anati mawa kukacha tipite kuchipatala. Tinapitadi, ine ndikunyamula botolo la madzi. Adokotala anamvetsera pachifuwa pa achimwene nthawi yaitali kuposa mmene anayang'anira dzanja. Anatitulutsa ine ndi achimwene, nalankhula ndi makolo okha. Potuluka Amayi anali atakokera mpango wawo kumaso. Tinauzidwa kuti achimwene ayenera kugonekedwa tsiku lomwelo.

"Ndibwere Lolemba, Abambo," anatero achimwene pakhonde la chipatala. "Mawa lokha."

Amayi anakana, ndipo anali ndi chifukwa. Abambo anaima chilili, akuyang'ana magalimoto odutsa, chipewa chili m'manja. Kenaka analowanso okha kwa adokotala. Zimene anakambirana sindinazimve. Anatuluka ndi mankhwala m'kapepala, nati, "Lolemba m'mamawa." Amayi sanawalankhule njira yonse.

Loweruka Abambo anabwereka njinga, nakweza achimwene pakaliyala ngati mwana wa sukulu, ngakhale kwa a Chikuse kunali pafupi. Ine ndinkathamanga pambuyo nditanyamula mausi m'kajumbo. Chipinda chinali chodzaza, ndipo a ku Biwi anali atayamba kale matama. Ataona Abambo phokoso linatsika, ena anabisa ndudu. Mmodzi wa alendowo ananong'ona mokweza kuti a Kawale abwera ndi madala awo kuti adzawapepesere, ndipo anzake anaseka m'manja. A Chikuse anapereka mpando, koma Abambo anaukana. Anaima kumbuyo kwa achimwene, chipewa m'manja monga m'tchalitchi.

Za masewerowo ndikukumbuka phokoso la mabatani, kutentha, ndi dzanja lotupa lija likuuluka patebulo ngati si lomwe linkamizidwa m'beseni. Mausi inkanyamuka ndi kutera mopanda phokoso. A ku Biwi anagwa mmodzimmodzi mpaka anatsala mtsogoleri wawo, mnyamata wamtali wovala kapusi chakumbuyo. Anasakana nthawi yaitali m'mabwinja muja. Kenaka msilikali wa achimwene anatembenuka mwadzidzidzi, mfuti inalira kamodzi, ndipo chipinda chonse chinaphulika ndi chisangalalo. Anyamata ankamenya matebulo, ometa tsitsi analowa ndi makina m'manja, wina wometedwa theka ali pambuyo pawo.

Ndinatembenuka kuti ndione Abambo. Maso awo sanali pa sikirini. Ndinawakoka malaya, ndinawalozera, ndinawauza kuti achimwene apambana ndipo iwo sanaone. Anangogwedeza mutu, osasuntha maso. Ndinakwiya nawo kwambiri tsiku limenelo, chifukwa ndinaona kuti angobwera kudzaphonya chinthu chokhacho chimene chinali choyenera kuonedwa.

Lolemba achimwene anagonekedwa. Mvula yoyamba inagwa ali m'chipatala, ndipo anandipempha kuti ndiwauze mmene Kawale akununkhira. Zotsatira za mayeso zinatuluka maliro atachitika kale. Anali atakhoza. Tinawaika kumudzi kwathu ku Ntcheu, chimanga chili m'mawondo.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti vuto linali dzanja, ndipo popeza tinachotsa chitsulo, tinali titalithetsa. Ndinkaganizanso kuti Abambo sanamvetse masewerowo, n'chifukwa chake ankayang'ana polakwika. Ndinadzamva ndili wamkulu, kuchokera kwa Amayi, zimene adokotala ananena tsiku lija: kuti matenda a m'mfundo aja anali atadya mtima kwa zaka, ndipo panalibe zambiri zoti n'kuchita. Abambo analowa m'chipinda cha a Chikuse akudziwa zimenezi. Pamene tonse tinkayang'ana asilikali a pa sikirini, iwo ankayang'ana khosi la mwana wawo, pamene mtsempha unkagunda moonekera, ndi mapewa ake akukwera ndi kutsika. Anali ndi masana amodzi okha oti amuone akuchita chimene ankachidziwa koposa anthu onse, ndipo sanafune kutaya ngakhale kamphindi poyang'ana kwina.