Dzina Limene Ndinadula pa Pulogalamu

Lachinayi lapitali ndinadula dzina la munthu ndi cholembera, ndipo mtima wanga sunakhazikikebe.

Tinali ndi msonkhano wa anamwino ndi alangizi a zaumoyo mu holo ina ku Matero, wokambirana za matenda otsekula m'mimba mvula isanayambe. Ine ndinali mlembi wa komiti yokonza msonkhanowo. Ndinapita ndekha ku Kanyama kukapempha Amayi Tembo, mzamba amene timapemphera nawo, kuti adzalankhule. Dzinja lapitalo anaika m'manda mdzukulu wawo, amene anamwalira ndi matenda omwewo. Chitsime chimene amatungako chinayandikana ndi chimbudzi cha aneba. Amayi Tembo ankafuna chinthu chimodzi: kupempha mpopi pamaso pa akuluakulu a khonsolo, amene tinawaitananso.

Tinawapatsa mphindi khumi.

Koma mwambo wathu mukuudziwa. Msonkhano suyamba mlendo wolemekezeka wa Chipani asanafike. Tinamuyembekezera m'mawa, iye anatulukira dzuwa lili pamutu. Amayi a Chipani anavina, tonse tinawomba m'manja, ndipo iye analankhula ola lathunthu za ubwino wosamba m'manja.

Wapampando wathu, Bambo Mwansa, anandinong'oneza: "Ba Phiri, nthawi yasila. Chosaniko umozi."

"Nichose ndani?"

"Madokotala sitingabachose. Muziba imwe."

Ndinadziwadi. Ndinadula amene analibe udindo kutsogolo kwa dzina lake.

Amayi Tembo ndinawapeza pa benchi lakumbuyo, atafumbata botolo la madzi a pachitsime chija, ofiirira ngati tiyi. Sanakwiye. "Nenze kufuna chabe baone vamene timamwa," anatero. "Kaikeni patebulo, kapena bazafunsa."

Ndinaliika pakati pa majagi a akuluakulu. Palibe anafunsa. Posakhalitsa mayi wina wopereka tiyi analichotsa, akudandaula kuti wina waika zonyansa pamaso pa alendo.

Abale anga, kodi misonkhano imeneyi timakonzera yani? Timatha masabata kukangana za mipando, maluwa ndi amene adzalandire mlendo pakhomo. Za odwala timakamba bwino kwambiri, bola asakhale m'holomo. Malemba anatichenjeza kalekale za kukhazika wovala mphete pampando wabwino n'kuimika wosauka pakhomo. Mawu amenewa ndawawerengapo ndekha paguwa. Lachinayi ndinawaphwanya ndi cholembera cha komiti.

Sindinena Bambo Mwansa, sindinenanso mlendo. Dzanja linali langa. Mutu ukakula sulewa nkhonya, koma ine ndinaulewetsa, nkhonya n'kugwera wamng'ono.

Lamulungu Amayi Tembo anandipatsa moni panja pa tchalitchi. Kumwamba mitambo inali itayamba kuda.

"Ba Phiri, banakamba chani pa botolo ija?"

Ndinayang'ana pansi. Kunama pakhomo pa nyumba ya Mulungu sindikanatha, koma choonadinso sindinawauze.

Lipoti la msonkhano ndalemba kale. Likuti zonse zinayenda bwino. Nanga mvula ikagwa, chimbudzi chija n'kusefukira, tidzaitana yani kuti adzatsegule msonkhano wotsatira?